Mtusane: mlaliki amene anamwalira asanaone wobatizidwa ndi mmodzi yemwe

Lero nkhani ndi yaitali ndithu, nde ngati bandulo ikutha yambani mwagula ina, mukhale pansi bwinobwino. Ndikufuna ndikuuzeni mbiri ya munthu mmodzi.

Amene munafikako ku Mzuzu mwina munaona chikwangwani cha nyumba yogona alendo ya mpingo wa CCAP yotchedwa William Koyi. Ena munagonamo kumene. Koma nditakufunsani kuti William Koyi anali ndani, ambiri mungoti kaya, mwina ndi mzungu wina wa mishoni. Ayi. Anali munthu wakuda ngati inu ndi ine, Mxhosa wa ku South Africa, ndipo mafupa ake ali kuno kwathu, m'boma la Mzimba. Ku sukulu tinaloweza mayina a David Livingstone ndi Robert Laws mpaka tinkawalota, koma dzina ili ambiri tinangolidutsa.

Ndikudziwa wina alemba m'munsimu kuti abusa, inu ndi a Pentekosite, za anthu a mishoni zikukukhudzani bwanji? Mbale wanga, chitsitsimutso cha ku Azusa Street chimene timachinyadira chija chinayamba mu 1906. Koyi anali atagona m'manda zaka 20. Baibulo lisanafike m'manja mwa agogo athu panali anthu amene analinyamula ndi miyendo, ndipo ena a iwo anafera panjira. Tiyeni tiwadziwe.

Koyi anabadwa mu 1846 kudera la Thomas River, m'chigawo chimene lero amachitcha Eastern Cape. Ali mwana sanapondeko m'kalasi. Anayamba ndi kuyendetsa ngolo za ng'ombe, kenako anakagwira ntchito yotsuka ubweya wa nkhosa ku Uitenhage, pambuyo pake anakalowa ntchito m'sitolo ku Port Elizabeth. Kuwerenga anadziphunzitsa yekha ali wamkulu kale. Mu 1869 anatembenuka mtima nalowa mpingo wa Wesleyan mumzinda womwewo. Tsiku lina pa nthawi yopuma masana anatola tsamba lotayika la nyuzipepala ya Chixhosa yotchedwa Isigidimi sama Xosa, ndipo kudzera m'tsambalo anamva za sukulu ya Lovedale. Atafunsa anamuuza kuti ili pa mtunda wa mamailosi 150, ndiye kuti pafupifupi makilomita 240, kuposa kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Balaka. Munthuyu ananyamuka wapansi. Anafika mu 1871 ali ndi zaka 25, kukayamba sukulu pa msinkhu umene anzake anali kulera ana.

Lovedale inali sukulu ya mpingo wa Free Church of Scotland, ndipo mkulu wake anali Dr James Stewart. Stewart ameneyu anali atayendapo pa Zambezi ndi Shire m'masiku a Livingstone, ndipo ndi iye amene, Livingstone atangoikidwa m'manda mu 1874, analimbikitsa mpingo wake kuti utsegule mishoni ku nyanja yathuyi. Gulu loyamba, mmene munali Dr Robert Laws, linalowa m'nyanja pa sitima ya Ilala mu October 1875 n'kukhazikika ku Cape Maclear, ku Mangochi. Chaka chotsatira kunafunika anthu ena. Pempho linaperekedwa kwa ophunzira a ku Lovedale, ndipo anyamata oposa khumi anaimirira kuti adzipereke.

Apa ndi pamene Koyi analankhula mawu amene anthu anawasunga. Pakati pa anyamata ophunzira bwino, odziwa Chingelezi, iye anati maphunziro ake ndi ochepa, talente imene ali nayo ndi theka chabe, koma ndi wokonzeka kupita ngakhale kukakhala wotema nkhuni ndi wotunga madzi. Amene mumawerenga Baibulo mwamva kale kumene mawu amenewa akuchokera. Pa Mateyu 25 kapolo amene anapatsidwa talente imodzi yathunthu anakaikwirira pansi. Uyu akuti yake ndi theka, koma akuitulutsa. Ndipo kutema nkhuni ndi kutunga madzi, mukaona pa Yoswa 9, inali ntchito imene Agibeoni anapatsidwa ngati chilango. Ntchito ya manyazi imeneyo ndi imene Koyi anaipempha ndi pakamwa pake. Lero munthu akangosala kudya masiku atatu akubwera ndi khadi lolembedwa kuti mtumwi. Ukamuuza kuti akonze mipando m'tchalitchi akuti kudzoza kwake sikulola. Koyi mpaka imfa yake sanadzozedwe ubusa. Anali mlaliki basi.

Anasankhidwa anayi: William Koyi, Shadrach Mngunana, Isaac Wauchope ndi Mapassa Ntintili. Anayenda ndi Stewart pa nyanja yamchere, n'kukwera Zambezi ndi Shire, ndipo gululo linafika ku Cape Maclear mu October 1876. Wauchope anadwala kwambiri malungo mpaka anamubweza kwawo ntchito asanaigwire. Musamuone ngati wolephera: anadzakhala m'busa ndi mlembi wotchuka kwawo, ndipo anafera m'madzi mu February 1917 pamene sitima ya Mendi inamira pafupi ndi England ndi anthu oposa 600, pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Mngunana, amene anali wophunzira kwambiri, anayamba kuphunzitsa ana ku Cape Maclear, koma mu 1877 anamwalira, chaka chomwecho chimene Dr William Black anamwaliranso. Manda awo alipo mpaka lero kuseri kwa malo amene anthu amapitako kukasambira ndi kujambulitsa zithunzi. Ntintili anathandiza kwambiri ku mishoni ya Blantyre ndi luso lake la matabwa, ndipo mu 1880 anabwerera kwawo. Pa anayi aja anatsala wa theka la talente uja.

Tsopano kuti mumvetse kumene Koyi anakagwira ntchito, tiyambe tawadziwa Angoni a nthawi imeneyo. Abale anga Angoni musakwiye, iyi ndi mbiri, ndipo inu nomwe mumainena pa miyambo yanu. Anthu a Zwangendaba anachoka kummwera m'masiku a nkhondo za Shaka, n'kuwoloka Zambezi mu November 1835, tsiku limene kadamsana anaphimba dzuwa. Anayenda mpaka ku Ufipa, m'dziko la Tanzania la lero, kumene Zwangendaba anamwalira. Mtundu unagawikana, ndipo gawo limene linatsata mwana wake M'mbelwa linadzakhazikika m'mapiri a kumpoto kwa dziko lino. Chuma chawo chinali ng'ombe ndi anthu ogwidwa kunkhondo. Mnyamata ankalemekezedwa akaviika mkondo m'magazi. Atumbuka ndi Atonga ambiri anali pansi pawo, ndipo cha m'ma 1875 Atonga ena anathawa n'kubwerera kunyanja, kumene anamanga malinga ku Chintheche ndi madera ozungulira. Kwa Angoni anthu amenewa anali akapolo othawa.

Ndiye taonani vuto lake. Cape Maclear inali itadya anthu ndi malungo, amishoni ankafuna malo ena, ndipo malo amene anasankha anali Bandawe, pakati pa Atonga omwewo. Anasamukirako mu 1881. Kwa M'mbelwa ndi nduna zake funso linali lakuti, azungu amenewa akukakhala bwanji ndi akapolo athu m'malo mobwera kwa eni dziko? Mishoni ikanatha kutenthedwa usiku umodzi.

Chimene Mulungu anakonzeratu n'chakuti Chixhosa ndi Chingoni ndi zinenero zapachibale. Kuyambira ulendo wa 1878, pamene Laws anayenda kufunafuna malo n'kukumana ndi Angoni, womasulira anali Koyi. Angoni anadabwa kumva mlendo akulankhula ngati wa kwawo kumene makolo awo anachokera, akudziwa kupereka ulemu kwa inkosi, akudziwa nthawi yolankhula ndi nthawi yokhala chete pa bwalo. Anakhalako pa kamsasa ka mishoni ku Kaning'ina, kufupi ndi Mzuzu wa lero, ndipo njira imene Laws anadutsa pokakumana ndi M'mbelwa anali atailambula ndi Koyi. Koma musafulumire kunena kuti chinsinsi chinali chinenero. Chinenero chimangokutsegulira chitseko. Ukalowa, eni nyumba amayang'ana zina.

Pali nkhani imodzi imene Dr Walter Elmslie, amene anakhala naye limodzi, analemba m'buku lake la 1899 lotchedwa Among the Wild Ngoni. M'masiku oyambirira a mishoni ku Bandawe kunamveka kuti gulu lankhondo la Angoni likutsika m'mapiri. Amayi ndi ana anathawira kumishoni, ena m'mapanga, ena m'mphepete mwa nyanja okonzeka kudziponya m'madzi. Koyi anadzipereka kuti apite akakumane nalo gululo. Anatenga anyamata ochepa a Chitonga n'kunyamuka. Ali pa kamtsinje kena, anangoona ankhondo atulukira, zishango m'manja, nthenga kumutu, ndipo anali achinyamata, aja magazi amawira, ofuna kukaonetsa kwawo kuti apha munthu. Anayamba kuvina mavinidwe ankhondo akuwaloza ndi mikondo.

Taimani kaye pamenepo. Inuyo mukanatani? Kuthawa kunali imfa, chifukwa wothawa amalasidwa kumsana. Kuopseza kunalinso imfa. Koyi anakhala pansi, anavula nsapato zake, n'kuyamba kusambitsa mapazi ake mumtsinjemo mosathamanga. Atatha anavalanso nsapato zija modekha ngati ali pakhonde pa nyumba yake. Anyamata ankhondo aja anasokonezeka, kuvina kunazilala, ena anayamba kukhala pansi. Pamenepo iye anawauza m'chinenero chawo kuti achita zanzeru kupumula pa tsiku lotentha chotero. Anthu anaphulika kuseka. Munthu amene waseka naye ndi wovuta kumubaya. Anayamba kukambirana, ndipo nkhondo ija sinafike ku Bandawe.

Ife a Pentekosite tikanakonda kuti nkhaniyi inene kuti anakuwa m'malilime mikondo n'kugwa yokha. Sizinatero. Ndipo ine ndikuti Mzimu Woyera analipo pa mtsinje paja mokwanira, chifukwa pa Agalatiya 5 kudziletsa ndi kufatsa zili pa mndandanda wa chipatso chake. Mtima woti ungakhale pansi n'kumasula zingwe za nsapato mkondo uli pamphuno sumera tsiku limodzi. Anali ataulima kwa zaka, pa ngolo, m'sitolo, m'kalasi. Ena a ife kondakitala wa minibasi akangotibera chenji cha K200, mawu amene amatuluka m'kamwa mwathu ngakhale satana amatseka makutu, chonsecho Baibulo lili m'khwapa.

Mu 1880 Koyi anapita kwawo kukapuma, anakwatira, n'kubwereranso. Akanatha kukhala. Anali atagwira kale zaka zinayi, mnzake mmodzi ali m'manda, ndipo palibe akanamunena. Mu 1882 anakakhazikika ku Njuyu, pafupi ndi mudzi wa Hoho, kutsidya kwa mtsinje wa Kasitu kuyang'anizana ndi kwa M'mbelwa. Iye ndiye anali woyamba wa mishoni kukhala pakati pa Angoni amenewa. Pambuyo pake kunabwera James Sutherland, mnyamata wa ku Wick ku Scotland wodziwa zaulimi, kenako George Williams, Mxhosa wina wa ku Lovedale, ndipo mu 1885 kunafika Dr Elmslie.

Zaka za ku Njuyu ndi zimene zandichititsa kulemba zonsezi. Angoni anawalola kukhala, koma sukulu anakana. Chifukwa chake sanabise: ankaona kuti ana akaphunzira za bukuli adzakana kupita kunkhondo, ndipo mtundu wopanda ankhondo udya chiyani? Kunena zoona anaona patali, chifukwa ndi zimene zinadzachitikadi. Ndiye taganizani. Wasiya kwanu, wayenda ulendo wa miyezi, ndipo ntchito imene unadzera akukuletsa. Ankhondo akudutsa pafupi ndi nyumba yako kupita kukathira nkhondo midzi ya kunyanja kumene kuli abale ako mwa Khristu, akubwerako ndi ng'ombe ndi ana ogwidwa. Tsiku ndi tsiku anthu ali pakhomo kufuna nsalu ndi mikanda, ukakana akukuopseza. Chaka choyamba chinatha wopanda wobatizidwa. Chachiwiri chimodzimodzi. Chachitatu. Chachinayi.

Akanakhala wa masiku ano, likulu likanamuitanitsa kuti afotokoze chifukwa chake nthambi yake sikukula. Ena akanamuuza kuti pali maziko oipa a kumtundu kwake, abwere ndi mbewu kuti amumasule. Mwinanso iye mwini akanayamba kukayika ngati anaitanidwadi.

Koma mukudziwa mmene mudzi umachitira ndi mlendo. Sumvetsera kwambiri zimene akunena, chifukwa mlendo aliyense amabwera ndi mawu okoma. Umamuyang'ana. Amayi kudambo amakambirana ngati maso ake amatsata akazi a eni. Amuna pabwalo amaona ngati zimene wanena kwa uyu ndi zomwezo wanena kwa uyo. Amene wamugwirira ntchito amanena ngati anamulipira zimene anapangana. Ana amadziwa ngati ndi waukali. Amamuputa dala kuti aone chimene chili pansi pa mtima wake, pajatu chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Angoni anali ndi zaka zinayi zong'amba nkhuyu imeneyi kuti aone za m'kati. Zimene anapeza zili m'dzina limene anamupatsa. Anamutcha Mtusane, ndipo amene anafufuza za dzinali amalimasulira kuti munthu woziziritsa mkwiyo, mkhalapakati, woyanjanitsa anthu. Dzina limeneli sanadzipatse yekha, sanalilembetse pa chikwangwani, ndipo silinachokere kwa Akhristu anzake. Linachokera kwa anthu amene uthenga wake anali asanaulandire.

Funso langa kwa inu ndi limenelo. Kuntchito kwanu, kumsika kumene mumagulitsa, pa mpanda pamene mumachita lendi, anthu osapemphera anakupatsani dzina lanji? Musandiuze limene amakuitanirani mukakhalapo. Ndikunena lija amatchula mukangotembenuka. Alipo amayi a mapemphero amene pamudzi amadziwika kuti wailesi. Alipo madikoni amene pagolosale anawaletsa ngongole. Paulo pouza Timoteyo kuti akhale chitsanzo, pa 1 Timoteyo 4:12, anatchula zinthu zimene munthu wakunja angathe kuziona ndi maso: kalankhulidwe, mayendedwe, chikondi, chikhulupiriro ndi kudzisunga.

Kuti muone kuti nkhani ya chitsanzoyi si yamasewera, tayang'anani zimene zinachitika kummwera m'zaka zomwezo. Ku mishoni ya Blantyre, imene inayamba mu 1876, amishoni ena oyambirira anadzisandutsa maboma. Ankaweruza milandu, kukwapula anthu ndi zikoti, munthu wina anafa ndi zikwapu, wina anaweruzidwa kuti aphedwe ndipo anamuwombera. Mlendo wina dzina lake Andrew Chirnside anaziulula ku Britain mu 1880, mpingo unatumiza ofufuza, ndipo mtsogoleri wa mishoniyo Duff Macdonald ndi ena awiri anachotsedwa. Zinatengera David Clement Scott, amene anafika mu 1881, kuti ayambenso kumanga chikhulupiriro cha anthu. Sindikunena izi kuti ndinyoze mpingo wa eni, ayi, ntchito imene inadzatuluka ku Blantyre tonse tadya zipatso zake. Ndikungoti Baibulo limene linali m'manja mwa wokwapula uja ndi lomwelo linali m'manja mwa Koyi. Anthu akumudzi sankatha kuliwerenga. Ankawerenga wolinyamulayo.

Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakupeza. Ndikuganiza za inu abale amene muli ku Joni, ku Cape Town, ku Durban, kwawo kwa Koyi. Iye anachoka kumeneko kubwera kuno, inu mwachoka kuno kupita kumeneko. Bwana wanu mwina sadzapondako m'tchalitchi chanu. Chimene akudziwa n'chakuti amakusiyirani makiyi a nyumba, ndipo akabwera amapeza zinthu zili mmene anazisiyira kapena ayi. Ndikuganizanso za inu amayi amene mwakhala zaka khumi mukupempherera bambo a kunyumba, ndipo mpaka lero Lamulungu m'mawa iwo amalunjika kumowa. Mwayesa kuwalalikira mpaka anakuletsani kutchula za tchalitchi m'nyumba. Sukulu yanu yatsekedwa ngati ya ku Njuyu. Werengani 1 Petro 3, mupeza kuti Petro ankadziwa kuti ilipo nthawi imene pakamwa pamatsekedwa ndipo makhalidwe ndi amene amatsala akulalikira. Sindikukuuzani kuti mupirire nkhonya, imeneyo ndi nkhani ina ndipo wokumenyani ayenera kukayankha kwa ankhoswe ndi kupolisi. Ndikunena za kutopa kuja kobwera chifukwa choti simukuona kusintha.

Ku Njuyu kusintha kunalipo, koma kunkachitika usiku. Anyamata ena anayamba kubwera mozemba kunyumba ya mishoni kukada, ngati Nikodemo, kudzaphunzira kuwerenga anthu atagona. Pakati pawo panali Mawelera Tembo ndi m'bale wake Makara, ana a sing'anga wodziwika m'deralo. Tamvani bwino, ana a sing'anga. Palibe anawaitana pa chinkuzamawu. Anaona kanthu m'miyoyo ya anthu a pa Njuyu kamene kanawachititsa kuika moyo wawo pachiswe.

Mu 1885 Sutherland anamwalira n'kuikidwa pa Njuyu pomwepo. Kenako mvula ya dzinja limenelo inakana. Mpaka mu January 1886 kumwamba kunali mbee, mbewu zikufota. Angoni anapereka nsembe za ng'ombe kwa mizimu ya makolo, osaphula kanthu. Mapeto ake nduna zinapita kwa amishoni kukapempha kuti apemphere kwa Mulungu wawo. Elmslie sanafune kuoneka ngati sing'anga wa mvula wina watsopano, choncho anawauza kuti abwere ku mapemphero a Lamulungu a nthawi zonse. Anabwera ambiri, mapemphero anachitika, ndipo tsiku lotsatira mvula inagwa.

Aleluya, Mulungu amayankha, ndipo ine ndimakhulupirira ndi mtima wonse kuti mvula imeneyo inali dzanja lake. Koma apa ndi pamene ife timalakwitsa powerenga mbiri. Timathamangira chozizwitsa n'kuiwala zimene zinachitika chisanafike. Dzifunseni kuti n'chifukwa chiyani nduna zija zinapita kukapempha mapemphero m'malo mopita ndi mikondo. Pa nthawi ya chilala mudzi umasaka womanga mvula, ndipo woyamba kumuloza chala amakhala mlendo. Elmslie anali asanathe ndi chaka chomwe pamalopo. Amene anthu ankamudziwa, amene anamuyesa kwa zaka n'kumupeza kuti alibe mawanga, anali Mtusane. Chozizwitsa chinagwa pa nthaka imene munthu wina anaigalauza ndi khasu la makhalidwe. Mvula yomweyo ikanagwa pambuyo pa pemphero la munthu wodziwika ndi bodza ndi akazi a eni, anthu akanangoti mankhwala ake ndi amphamvu, n'kumuopa, osatembenuka.

Ngakhale mvula itagwa, chilolezo sichinabwere m'mawa mwake. Panapita miyezi akuluakulu akukambirana. Nthawi imeneyi n'kuti Koyi akudwala, thupi likutha. Tsiku lina uthenga unafika kuchokera kwa M'mbelwa kuti bwalo lagwirizana: amishoni ali ndi ufulu wolalikira ndi kutsegula sukulu m'dziko la Angoni. Elmslie anapita nawo uthengawo pa mphasa pamene Koyi anagona. Akuti nkhope yake inawala, ndipo anayankha ndi pemphero lija la nkhalamba Simeoni la pa Luka 2, la munthu amene waona chimene ankadikira ndipo akupempha kuti amulole apite. Pa 4 June 1886 anamwalira, ali ndi zaka pafupifupi 40. Ine amene ndikulemba izi ndapitirira kale msinkhu umenewo. Anamuika pa Njuyu pafupi ndi Sutherland. Sanaone sukulu itatsegulidwa. Sanaone Mngoni ndi mmodzi yemwe akubatizidwa.

Sukulu inatsegulidwa chaka chomwecho chisanathe. Koma musaganize kuti zonse zinayera pomwepo. Mu 1887, woziziritsa mkwiyo atachoka, nkhani ya Atonga inabukanso moopsa. Angoni ankafuna kuti amishoni achoke ku Bandawe kuti iwo akathire nkhondo momasuka, ndipo zinafika poti Elmslie anakwirira mankhwala ndi zipangizo zake pansi usiku pokonzekera kuthawa. Laws anachita kukwera mapiri kuchokera kunyanja kudzakhala pa bwalo ndi mafumu, ndipo nkhondo inalephereka. George Williams anabwerera kwawo mu 1888, ndipo iye ndiye anali womaliza wa alaliki a ku Lovedale kuno.

Mu 1889 mishoni inatsegulidwa ku Ekwendeni, kwa Mtwalo. Mu April 1890, patapita zaka pafupifupi zinayi Koyi ali m'manda, Mawelera ndi Makara Tembo anabatizidwa, oyamba m'dziko la M'mbelwa. M'mbelwa mwini anamwalira mu 1891. Pofika 1898, m'masiku a Donald Fraser, anthu masauzande ankasonkhana ku Ekwendeni pa misonkhano ya masiku angapo ya mgonero, ambiri akubatizidwa tsiku limodzi, ndipo ena mwa amene ankatsika kunyanja ndi mikondo anayamba kuyenda ndi mabuku kukaphunzitsa m'midzi yomwe kale ankaiwotcha. Angoni a Gomani anagonjetsedwa ndi mfuti za Angelezi mu 1896, Gomani mwini n'kuphedwa. A Mpezeni zinawaonekera mu 1898. Koma a M'mbelwa analowa mu ulamuliro wa Angelezi mu 1904 pa msonkhano wa ku Ekwendeni ndi bwanamkubwa Alfred Sharpe, popanda kuwomba mfuti.

Mawelera Tembo, mwana wa sing'anga uja ankabwera usiku, anadzakhala mphunzitsi, mlaliki ndi mkulu wa mpingo. Analinso ndi mphatso yopeka nyimbo. Ankatenga maimbidwe a Chingoni, amene anthu ankawadziwa pa magule ndi pa nkhondo, n'kuikamo mawu otamanda Yesu, ndipo zina mwa nyimbo zake zikuimbidwabe m'matchalitchi a kumpoto mpaka lero.